Mwana Akupita ku Yunivesite: Timugulire Kompyuta Iti?

Inu aŵerengi, tayerekezani kuti maina a ana amene asankhidwa kupita ku yunivesite atuluka, ndipo dzina la mwana wanu lilipo. Pamudzi pamveka nthungululu. Abale ndi anansi abwera kudzakugwirani chanza. Koma chimwemwe chisanathe n'komwe, mwana uja akufika ndi pepala m'manja. Papepalapo pali fizi, ndalama ya lendi, zofunda, sutikesi ndi ndalama yoyendera. Pomaliza akunena motsitsa mau: "Amayi, pafunikanso kompyuta."

Apa mpamene makolo ambiri mutu umaima. Njinga timaidziŵa. Tikafuna kugula timayang'ana matayala, tcheni ndi mabuleki. Mbuzi timaiyang'ana maso, mano ndi ubweya. Nanga kompyuta tiiyang'ane pati? Mtengo wakenso si wamaseŵera ayi. Ungathe kumeza matumba ambiri a mtedza kapena mbuzi zingapo za m'khola. Mukalakwitsa pogula, ndalamayo yapita, ndipo mwana adzavutika zaka zinayi kapena zisanu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsono m'nkhani ino tifunsa mafunso ndi kuyankha limodzi. Musaope mau achilendo. Inu amene munaphunzira kuŵerenga ndi kulemba muli aakulu kale, izinso muzimva ndithu.

KODI KOMPYUTAYO NJANCHITO YANJI?

Pamene Yunivesite ya Malaŵi inayamba kuphunzitsa mu 1965, wophunzira ankangofuna bolopeni, makope ndi mabuku a m'laibulale. Lero zinthu zinasintha. Boma lili ndi mayunivesite asanu ndi imodzi. Pali Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, Yunivesite ya Mzuzu, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, ndi KUHeS imene imaphunzitsa madokotala ndi anamwino. Palinso mayunivesite ena a mipingo ndi a anthu apadera.

M'sukulu zonsezi aphunzitsi ambiri amatumiza manotsi pa intaneti. Ntchito imene amapatsa ophunzira, imene anawo amati asayimenti, imafunika yotayipa bwino, osati yolemba pamanja. Mabuku ambiri saapezanso pashelefu, amaaŵerenga pakompyuta. Chaka chomaliza wophunzira amachita kafukufuku ndi kulemba lipoti la masamba makumi ambiri. Kumbukiraninso chaka cha 2020. Matenda a Covid-19 atafika, sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi, ndipo ophunzira ena anapitiriza maphunziro pa intaneti ali kwawo.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga foni ija tinamugulira?" Foni imathandiza poŵerenga ndi polandira mauthenga. Koma kulemba masamba 50 pafoni kuli ngati kudzaza mgolo ndi supuni. Kusukulu ziliko zipinda za makompyuta zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, koma anthu amachuluka, makamaka mayeso akayandikira. Motero mwana akapempha kompyuta, sikuti akufuna zamanyado. Ndilo khasu lake la kusukulu.

MITUNDU IŴIRI YA KOMPYUTA

Mtundu woyamba ndi kompyuta ya patebulo, imene amaitcha desikitopu. Mwina munaiona kubanki kapena kuofesi ya boma. Ili ndi ziwalo zinayi zolumikizana ndi zingwe. Pali bokosi lalikulu mmene muli makina onse. Pali sikirini, yooneka ngati wailesi yakanema, pamene pamaoneka malemba. Pali kiyibodi, pamene pali mabatani a zilembo ndi manambala. Palinso kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa mausi, kolozera zinthu pasikirini. Kompyuta imeneyi ilibe batire. Pamene mwaiika mpomwepo, ndipo imafuna magetsi nthaŵi zonse.

Mtundu wachiŵiri ndi laputopu. Ziwalo zonse zinayi zija anaziphatikiza m'chinthu chimodzi chotsekuka ndi kutsekeka ngati buku. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu aŵiri, ngati mapaketi aŵiri a shuga. Imakwana m'chikwama cha kumsana. Mkati mwake muli batire, choncho imagwirabe ntchito ngakhale magetsi atathima.

Zonse ziŵiri zimalemba, zimaŵerengera masamu ndiponso zimaloŵa pa intaneti. Kusiyana kwake kuli ngati kwa ngolo ndi njinga. Ngolo imasenza katundu wambiri, koma siloŵa m'tinjira. Njinga imasenza zochepa, koma imafika paliponse. Palibe amene anganene kuti ngolo iposa njinga asanadziŵe ulendo wake.

UBWINO NDI KUIPA KWA DESIKITOPU

Tiyambe ndi ubwino. Choyamba, mukapereka ndalama yofanana, kaŵirikaŵiri desikitopu imakhala yamphamvu kuposa laputopu. Chachiŵiri, kukonza kwake n'kosavuta. Kiyibodi ikaonongeka, mumangogula ina n'kulumikiza. Chiwalo cha m'bokosi chikafa, mmisiri amachotsa chimenecho basi n'kuikapo china. Chachitatu, m'bokosi muja muli malo okwanira oyendamo mpweya, choncho sitentha msanga ndipo imakhalitsa. Chachinayi, sikirini yake imakhala yaikulu, mainchesi 21 mpaka 24, motero maso ndi khosi sizitopa msanga. Chachisanu, wakuba sangaibise m'malaya.

Koma walira mvula walira matope. Magetsi akathima, desikitopu imathima nthaŵi yomweyo, ndipo zonse zimene mwana analemba asanazisunge zimatayika. Pofuna kupeŵa zimenezi pamafunika kabokosi ka batire kotchedwa UPS. Kameneka n'kogula padera, ndipo kamangopereka mphindi 10 kapena 15, zongokwanira kusunga ntchito ndi kutseka bwino. Desikitopu imadyanso magetsi ambiri. Imafuna tebulo lakelake ndi chipinda chokhoma bwino. Mwana sangapite nayo m'kalasi kapena kulaibulale. Nanga holide ikafika? Taganizani bokosi, sikirini ndi zingwe m'minibasi yodzaza, pamseu wamabampu, kaŵiri kapena kanayi pachaka. Tsiku lina sikirini idzafika yosweka.

UBWINO NDI KUIPA KWA LAPUTOPU

Ubwino waukulu wa laputopu ngwakuti imatsata mwini wake. M'maŵa ili m'kalasi, masana kulaibulale, madzulo pansi pa mtengo pamene anzake akukambirana za asayimenti. Kusukulu kumene kuli intaneti ya ophunzira, mwana amapita nayo pomwepo, osaononga ndalama kugula mabandulo tsiku ndi tsiku. Magetsi akathima, batire labwino limasunga moto maola atatu, asanu, mwina kuposerapo. Imadya magetsi ochepa. Ili kale ndi kamera ndi cholankhulira, zimene zimafunika pophunzira pa intaneti. Holide ikafika, amangoiika m'chikwama n'kukwera basi.

Kuipa kwake nakonso nkuku. Chinthu choyenda chimakumana ndi ngozi. Ikagwa pansi, sikirini imasweka. Tiyi akatayikira pamabatani, angathe kupha makina onse, pakuti makinawo ali pansi pa mabatani pomwepo. Kukonza kwake n'kodula, ndipo m'malaputopu ena ziwalo anazimatirira moti sizisinthika. Batire nalo limakalamba ngati munthu. Likagwira ntchito tsiku ndi tsiku zaka ziŵiri kapena zitatu, limayamba kutha moto msanga, ndipo pamafunika kugula lina. Vuto lalikulu koposa ndi akuba. Chimene mwana wanu amanyamula mosavuta, wakubanso amachinyamula mosavuta.

MAFUNSO ANAYI OFUNSA MUSANAGULE

Tsopano mwaona mbali zonse ziŵiri. Nanga tisankhe iti? Khalani pansi ndi mwana wanu, ndipo muyankhe mafunso anayi aŵa.

1. Kodi akagona kuti?

Malo ogona a pasukulu sakwanira ophunzira onse. Ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda mu Zomba kapena ku Luwinga mu Mzuzu. Kaŵirikaŵiri amagona aŵiri kapena atatu m'chipinda chimodzi chaching'ono, ndipo amasamuka pafupipafupi. M'chipinda chotere mulibe malo a desikitopu. Mwana wotere afunika laputopu. Koma ngati mwana adzigona pakhomo pa makolo m'tauni, n'kumapita kusukulu m'maŵa ndi kubwerako madzulo, desikitopu ingathe kuganiziridwa.

2. Kodi magetsi ali bwanji kumeneko?

Pa kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'Malaŵi muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi. Ngakhale kumene magetsi aliko, amathimathima. Magetsi athu ambiri amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, magetsi amachepa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuthima maola ochuluka patsiku. Nthaŵi ngati imeneyo, wa laputopu amakatchaja kusukulu n'kudzalemba usiku. Wa desikitopu amangogwira njakata.

Tiyeni tichiteko masamu pang'ono. Mphamvu ya magetsi amaiyeza m'mawati. Chinthu cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yuniti imodzi. Tinene kuti laputopu ikudya mawati 50, ndipo mwana akuigwiritsa ntchito maola 5 patsiku. 50 kuchulukitsa ndi 5 ndi 250. Pamasiku 30 tipeza 7,500, ndiwo mayunitsi 7 ndi theka. Desikitopu pamodzi ndi sikirini yake tinene kuti ikudya mawati 150. Pamaola omwewo ndi masiku omwewo tipeza 22,500, ndiwo mayunitsi 22 ndi theka. Mwaona? Ndi katatu. Kumene ophunzira amasonkherana kugula mayunitsi, zimenezi zimabutsa mikangano. Ndipo kumudzi kumene kuli sola yaing'ono, batire ndi inveta, laputopu ingathe kutchajidwa, pamene desikitopu imamaliza batire msanga.

3. Kodi akaphunzira chiyani?

Ophunzira ambiri, monga a uphunzitsi, zamalamulo, zamalonda, unamwino ndi ulimi, ntchito yawo yaikulu ndi kulemba, kuŵerenga ndi kuŵerengera. Ameneŵa safuna kompyuta yamphamvu kwambiri. Laputopu wamba njokwanira. Koma pali ena ophunzira kujambula mapulani a nyumba, uinjiniya, kapena kukonza zithunzi ndi mafilimu. Iwo amagwiritsa ntchito mapulogalamu olemera monga AutoCAD, amene amafuna makina amphamvu. Laputopu yamphamvu chotero njodula zedi, pamene desikitopu ya mphamvu yomweyo imatsikirako mtengo. Musangoganiza nokha. Mwana afunse aphunzitsi ake kapena ophunzira a chaka chachitatu a phunziro lomwelo. Iwo njira imeneyi anaiponda kale.

4. Kodi ndalama tili nazo zingati?

Makompyuta onse amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata mphamvu ya kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Motero musadalire mtengo umene munamva chaka chatha. Funsani m'masitolo atatu kapena anayi sabata yomwe mukufuna kugulayo.

Poŵerengera musaiŵale zoonjezera. Laputopu imafuna chikwama cholimba. Desikitopu imafuna tebulo ndi UPS. Zonse ziŵiri zimafuna fulashi yosungiramo ntchito, ndi chotchinjiriza magetsi chonga chija amaika pa firiji.

Pali bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limapereka ngongole kwa ophunzira osoŵa. Mwana afunsire ngongoleyo nthaŵi yake isanapite, koma adziŵe kuti idzabwezedwa akamaliza sukulu. Chimene tikukuchenjezani ndi ichi: musagulitse chimanga chakudya, ndipo musatenge katapila chifukwa cha kompyuta. Ngati ndalama sizinakwane, mwana ayambe sukulu akugwiritsa ntchito makompyuta a pasukulu, inu muli kusonkhanitsa pang'onopang'ono kubanki m'khonde kapena kudikira zokolola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi yoyambayo idzamuthandizanso kudziŵa kompyuta imene akufunadi.

TIYEREKEZE OPHUNZIRA ATATU

Woyamba ndi mtsikana wa ku Mchinji amene akupita ku Zomba kukaphunzira uphunzitsi. Akachita lendi ndi anzake aŵiri, ndipo holide iliyonse adzibwerera kumudzi kumene kulibe magetsi. Uyu mugulireni laputopu wamba ya batire labwino.

Wachiŵiri ndi mnyamata wa ku Chilomoni amene akuphunzira kujambula mapulani a nyumba mu Blantyre momwemo. Amagona kwa makolo ake, nyumba ili ndi magetsi, ndipo ali ndi chipinda chake. Ngati ndalama ya laputopu yamphamvu palibe, desikitopu yamphamvu pamodzi ndi UPS imuthandiza bwino. Akakhala kusukulu adzigwiritsa ntchito makompyuta a komweko, ntchito yake atanyamula pafulashi.

Wachitatu ndi bambo wophunzitsa pasukulu ya pulayimale ya kumudzi, amene akuonjezera maphunziro ake ku Yunivesite ya Mzuzu mwa njira yophunzira uli kutali. Kunyumba kwawo kuli sola basi, ndipo nthaŵi ndi nthaŵi amapita ku Mzuzu kukakumana ndi aphunzitsi. Aŵanso yawo ndi laputopu.

Mwaona kuti mwa atatuŵa, aŵiri afuna laputopu. Ndi mmene zililidi. Kwa ophunzira ambiri a kuno kwathu laputopu ndiyo yoyenera, chifukwa cha kagonedwe, maulendo ndi magetsi. Desikitopu njoyenera munthu wokhazikika pamalo amodzi, wa magetsi odalirika, amene ntchito yake njolemera.

MAU ANAYI OYENERA KUDZIŴA KUSITOLO

Wogulitsa adzakutchulirani mau ndi manambala ambiri. Musasokonezeke. Ofunika ndi anayi okha.

Purosesa. Imeneyi ndiyo imagwira ntchito yonse, ngati ng'ombe zokoka ngolo. Kwa wophunzira wamba, Intel Core i5 kapena AMD Ryzen 5 njabwino. Koma dzina lokha silikwanira, pakuti pali i5 yakale ndi i5 yatsopano. Yang'anani nambala yotsatira. Pakalembedwa i5-8250U, nambala 8 yoyambayo ikutanthauza mbadwo wachisanu ndi chitatu, umene unatuluka mu 2017. Pakalembedwa i5-4200U, imeneyo ndi ya mu 2013, yokalamba ndithu. Sankhani yoyamba ndi 8 kapena 9, kapena yoyamba ndi 10, 11 ndi kupita m'tsogolo.

RAM. Iyi ili ngati mphasa yoyanikapo ufa. Mphasa ikachepa, ntchito imachedwa chifukwa mumayanika pang'onopang'ono. Imayezedwa ndi zilembo GB. Musagule yochepera 8 GB. Wa mapulani a nyumba ndi mafilimu afunika 16 GB kapena kuposa.

Mosungira. Imeneyi ndiyo nkhokwe, mmene mumakhala manotsi, mabuku ndi zithunzi. Pali nkhokwe yachikale yotchedwa HDD, imene ili ndi mbale yozungulira mkati. Njochedwa, ndipo imaonongeka msanga ikagwedezeka. Pali yatsopano yotchedwa SSD, yachangu ndi yopirira mabampu. Sankhani SSD ya 256 GB kapena kuposa.

Windows. Iyi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwaulere pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 siloledwa pa makompyuta ambiri akale, ndipo n'chifukwa chake tanena kuti purosesa ikhale ya mbadwo wa 8 kapena kuposa. Funsani kuti, "Kodi imeneyi ili ndi Windows 11?"

Maina monga HP, Dell ndi Lenovo ngodziŵika kuno, choncho amisiri ake, matchaja ndi mabatire sizivuta kupeza. Mtundu wachilendo ungakhale wotchipa lero, koma ukaonongeka mudzasoŵa wokonza.

POGULA YOGWIRAPO KALE NTCHITO

Makolo ambiri sangathe kugula yatsopano. Palibe chamanyazi pamenepo. Monga zovala za pakaunjika, makompyuta ogwirapo kale ntchito alipo abwino ndi oipa. Ambiri anachokera m'maofesi a kunja ndipo ngolimba. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsatani malangizo aŵa:

1. Musapite nokha. Tengani mwana wanu ndi munthu wina wodziŵa makompyuta, amene si mnzake wa wogulitsayo.

2. Gulani pasitolo yokhazikika, pamene mungabwererepo maŵa. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook kapena pa WhatsApp, katundu musanamugwire m'manja.

3. Iyatseni pomwepo. Wokuperekezaniyo atsegule malo amene kompyuta imaonetsa yokha purosesa, RAM ndi mosungira. Musakhulupirire kapepala komata pamwamba.

4. Yesani batire. Itchajeni, kenaka zulani tchaja, muigwiritse ntchito theka la ola. Moto ukatsika kwambiri, kapena ikathima mutangozula, batirelo linafa.

5. Tayipani zilembo zonse, kuyambira A mpaka Z, ndi manambala omwe. Yang'anani ngati sikirini ilibe mizere kapena madontho akuda. Yesani kamera, mau, malo oloŵetsa fulashi, ndi kulumikiza intaneti. Tsekulani ndi kutseka kuti muone ngati mahinjesi ali olimba.

6. Pemphani lisiti lolembedwa tsiku, mtengo, dzina la sitolo ndi nambala ya kompyutayo, imene imalembedwa kunsi kwake. Funsani kuti, "Ikavuta, mukonza kapena kusintha kwa miyezi ingati?" Yankho lake alembe palisitipo. Apa mpamene kudziŵa kuŵerenga kumakupindulirani. Ŵerengani lisitilo nokha musanatuluke.

7. Munthu akakutsatsani laputopu pamseu, yotchipa modabwitsa, yopanda tchaja ndi lisiti, thaŵani. Mwina njobedwa kwa mwana wa mnzanu. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mudzataya ndalama ndi kompyuta yomwe.

MALANGIZO KWA MWANA

Mukagula, mulangizeni mwanayo monga mmene mukanachitira pomupatsa njinga yatsopano.

Asaike laputopu pabulangeti kapena pamatilesi ili yoyaka. Kunsi kwake kuli timabowo topumira, ndipo tikatsekeka imatentha. Aiike patebulo kapena pathabwa. Asadye kapena kumwa pafupi nayo. Kukachita ziphaliŵali ndi mabingu, azule zingwe zonse kukhoma. M'minibasi chikwama achiike pamiyendo, osati kubuti. Asaisiye patebulo la m'laibulale kapena pafupi ndi zenera n'kutuluka, ngakhale kwa mphindi ziŵiri. Aikemo mau achinsinsi otsekulira. Nambala ya kompyuta ija ailembe m'kope, ndipo lisiti musunge inu kunyumba, kuti ikabedwa mudzakhale ndi umboni kupolisi.

Langizo lalikulu koposa ndi ili. Mbeu sitisunga malo amodzi. Ntchito ya kusukulu nayonso aisunge malo atatu: m'kompyuta, pafulashi, ndi pa intaneti, monga podzitumizira yekha pa imelo kapena kuika pa Google Drive. Fulashiyo asaisunge m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Kompyuta ikabedwa ina idzagulidwa, koma kafukufuku wa chaka chathunthu akatayika sagulidwa pasitolo.

POMALIZA

Tsono mwana akadzati, "Pafunika kompyuta," musadzidzimuke ndipo musathamangire kusitolo. Funsani kumene akagone, mmene magetsi alili, chimene akaphunzire, ndi ndalama imene muli nayo. Ngati adzikhala woyendayenda, monga ophunzira ambiri, mugulireni laputopu yolimba ya batire labwino, ya 8 GB ndi SSD. Ngati adzikhala pakhomo pa magetsi ndipo ntchito yake njolemera, ganizirani desikitopu. Musagule chifukwa cha kuŵala kwake, kapena chifukwa mwana wa uje ali ndi yotere. Ndalamayo munaikhetsera thukuta kumunda. Muli ndi ufulu wofunsa wogulitsa mpaka mutamvetsa.

MAU ATSOPANO

Ŵerengani mokweza, kenaka lembani m'kope lanu: kompyuta, laputopu, desikitopu, sikirini, kiyibodi, purosesa, batire, fulashi, lisiti.

MAFUNSO

1. Tchulani ziwalo zinayi za desikitopu.

2. Kodi chimachitika n'chiyani ku desikitopu magetsi akathima? Nanga ku laputopu?

3. Tchulani mafunso anayi oyenera kufunsa musanagule kompyuta.

4. Laputopu ya mawati 50 ikayaka maola 4 patsiku kwa masiku 30, idzadya mayunitsi angati?

5. Kodi palisiti payenera kulembedwa zinthu ziti?

6. N'chifukwa ninji wophunzira ayenera kusunga ntchito yake malo atatu?

7. Kambiranani pagulu: kodi banja lingasonkhanitse bwanji ndalama ya kompyuta popanda kugulitsa chakudya kapena kutenga katapila?

8. Lembani kalata yaifupi kwa mwana amene ali ku yunivesite, yomulangiza mmene angasamalire kompyuta yake.